Bulu Amene Mfumu Inabwereka

Pali zaka zina zimene sindidziwa ngati ndinaziyenda ndi miyendo kapena ndinazilota nditagona pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Mayina a midzi yake ndinaiwala. Chimene sindingaiwale ndi chingwe, chifukwa chinali m'chiuno mwanga kulikonse kumene ndinafika. Munthu akandifunsa kuti chingwe chopanda chiweto n'chachiyani, ndinkamuuza zoona, kuti ndikufunafuna bulu wanga amene Mfumu inabwereka.

Kwathu ndinali ndi ngolo ndi abulu awiri. Wamkulu anali atatopa kale ndi moyo. Wamng'ono anali wamkazi, wotuwa, khutu lakumanzere long'ambika ndi waya waminga. Mkazi wanga Nankhoma anamutcha Fulumira pomunyogodola, popeza ankayenda ngati akupita kokayankha mlandu. Anali atangozolowera goli, koma pamsana pake panali pasanakhalepo munthu. Ngolo yanga inali yolemera, yofuna abulu awiri, ndipo mmodzi sakanapita nayo patali. Nankhoma anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo chipatala chinali kuseri kwa phiri, kutsidya la mtsinje. Tinali titapangana kuti nthawi ikakwana, ngoloyo ndiyo idzamutengere kumeneko.

Mvula ili kumapeto, linafika Lamulungu la kanjedza, tsiku limene mpingo umakumbukira Mfumu ya kumwamba ikulowa mumzinda itakwera bulu. Chaka chimenecho kunkabwera abusa aakulu a kutauni, ndiye akulu a mpingo anati sizingatheke kungoyenda ndi masamba m'manja ngati zaka zonse, pafunika bulu weniweni. M'mawa ndinapeza amuna awiri akumasula Fulumira pachikhomo, mkulu wa mpingo, a Mtambalika, ataima pambali. Anabwera ndi chingwe chawo chatsopano. Changa anangochisiya lende pachikhomopo.

Ndinafunsa kuti akumumasuliranji. A Mtambalika anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene analikonzekera.

"Mfumu ikumufuna, achimwene. Ikatha naye ibweza msanga."

Ndinalola. Ndani amakaniza Mfumu? Nankhoma anachita kutulutsa chitenje chake chabwino kuti akayale pamsana pa buluyo.

Dzuwa linalowa Fulumira osabwera. M'mawa mwake ndinapita kwa a Mtambalika, ndipo anandiuza kuti abusa aakulu anamukonda buluyo. Akulu a mpingo atakhala pansi anaona kuti nyama imene yanyamula Mfumu singabwererenso kukakoka manyowa, chifukwa yapatulika. Choncho anamukweza pa lole ngati mphatso ya alendo. Anati ndikondwere, popeza m'mudzi monse Mfumu inasankha khola langa. Ndinawafunsa ngati Mfumuyo idzabwere kudzandithandiza kukoka ngolo. Anati ndisamale pakamwa.

Lachisanu la sabata yomweyo, tsiku limene mpingo umalira imfa ya Mfumu, matenda a Nankhoma anayamba. Mudzi wonse unali kutchalitchi. Ndinamugoneka m'ngolo pamodzi ndi mayi ake, ndinamanga bulu wamkulu mbali imodzi ya goli, mbali inayo ndinalowetsa khosi langa. Tinakoka awirife, nyama ndi munthu, dzuwa lili paliwombo, nyimbo za mpingo zikutitsata kumbuyo. Pachitunda cha phiri bulu uja anagwada ndipo sanadzukenso. Nankhoma anamwalira tisanaone madzi a mtsinje, mwana ali m'mimba.

Pamaliro a Mtambalika analalikira kuti Mfumu imapatsa ndipo Mfumu imatenga. Ndinawayankha ndili pansi pomwepo kuti kutengako ndakuona. Anthu anandigwira mapewa, ena anati chisoni chandizunguza mutu. Sichinali chisoni chokha. Ndinakwiya, ndipo mkwiyo umenewo sunandichoke mpaka lero. Maliro atatha ndinamasula chingwe changa pachikhomo n'kuchimanga m'chiuno. Ndinadziwa kuti bulu sangadzutse Nankhoma. Koma Mfumu inanena mawu pakhomo panga, ndipo mlandu suwola. Ndinkafuna ibweze.

Tauni ya abusa aakulu inali ndi mipanda yaitali. Mlonda wa pachipata anandiuza kuti bulu anakhalako masiku ochepa chabe, chifukwa ankalira pa nthawi ya mapemphero. Anamupereka kwa mmisiri wa matabwa amene anawakhomera abusa mpando. Ndinakamupeza mmisiriyo, a Chikaonda, munthu wa chala chimodzi chodukira pakati. Anati buluyo anamupereka kale kwa anthu oumba njerwa. Anandiyang'ana kumapazi, naona kuti ndili ndi njala, n'kundipatsa sowo.

Ndinakhala nawo mpaka ndinadziwa kupala thabwa ndi kulumikiza miyendo popanda msomali. Ntchito yathu yaikulu inali mipando ya m'matchalitchi. Mpingo uliwonse unkatuma anthu ake kukazonda mpando wa mpingo woyandikana nawo, ndipo akabwera ankati wawo ukhale wautali kuposa umenewo. Kumsana kwa mpando uliwonse tinkasema chisoti chachifumu, ndipo onse ankautcha mpando wa Mfumu. Koma pofuna kudziwa kukula kwake, a Chikaonda ankatenga tepi n'kupita kukayeza m'chiuno mwa abusa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga mwini mpando adzakwanapo.

"Mwini wake sanafike," anatero akupala thabwa. "Awa akungomusungira kuti usazizire."

Lamulungu la kanjedza litafika, m'tauni imeneyo sanafune bulu. Anakhazika abusa pampando wathu watsopano, amuna anayi n'kuwanyamula pamapewa, ndipo mmodzi wa anayiwo ndinali ine. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndinaziona ndekha tsiku limenelo. Anthu ankafuula kutamanda Mfumu, ine ndikumva goli lija pakhosi. Titawatsitsa pakhomo la tchalitchi sindinalowe, ndinapitirira ndi msewu.

Oumba njerwa anali m'dambo lofiira, kumene utsi sunkatha. Anamukumbukira bulu wa khutu long'ambika. Anati anawatutira madzi mpaka msana unachita zilonda, kenako anamusinthanitsa ndi njinga kwa munthu wodutsa. Ndinaphunzira kuponda dothi, kuumba ndi chikombole, ndi kuyang'ana moto wa uvuni mpaka utayera. Panali mayi wina amene ankaumba pambali panga, nyumba yake itagwa ndi mvula, akugona ndi ana m'chisakasa. Njerwa zake zitapsa, kunabwera amuna awiri ndi mkulu wa mpingo wa kumeneko. Nkhope inali ina, koma kumwetulira kunali komwe kuja. Anati akumanga nyumba ya Mfumu ndipo Mfumu ikuzifuna njerwazo, idzamubwezera kambirimbiri. Mayiyo anawathandiza kupakira m'ngolo. Ndinamukalipira kuti bwanji sakukana, iye n'kundifunsa ngati ineyo ndinakana. Ndinachoka tsiku lomwelo, osadikira n'komwe kuti uvuni wanga uzizire.

Kenako kunali mzinda waukulu wa fumbi ndi mahutala. Kumeneko kunali mneneri amene ankati ndi kazembe wa Mfumu, ndipo kazembe sayenda pansi. Pa Lamulungu la kanjedza ankalowa ndi galimoto yoyera, azimayi akuvula zitenje zawo n'kuyala mumsewu kuti matayala apondepo. Ine ndinapeza ntchito yochapa zitenjezo. Ndinaphunzira kuchotsa oilo pansalu ndi sopo ndi madzi otentha, ndi kusita mpaka chizindikiro cha tayala chitatsala pang'ono chabe, chifukwa anati chisafufutike chonse. Ndinkaganiza kuti tikuchapira eni ake. Koma zitauma, anthu a mneneri ankazipinda bwino n'kukazigulitsa pakhomo la tchalitchi monga nsalu zodalitsika, ndipo ena ogula anali azimayi omwe aja. Ndinakumbukira chitenje cha Nankhoma chimene chinapita ndi Fulumira. Ndinataya beseni la madzi pamapazi a kapitawo wa ochapa n'kutuluka. Za bulu mumzindamo palibe ankadziwa, ena mpaka anandifunsa kuti bulu amaoneka bwanji.

Zaka zinasakanikirana. Ndinkafika pamudzi n'kuona ngati ndinafikapo kale: mtengo womwewo, tchalitchi chomwecho, amuna awiri akumasula chinachake pakhomo la munthu. Pena inali mbuzi, pena njinga, pena mwana wamkazi woti akaphikire alendo a mpingo. Ndevu zanga zinakula n'kuyamba imvi. Chingwe chinada ndi thukuta.

Pamsika wina wa pamphambano ndinakhala ndi wosoka nsapato, a Kamphinda. Kale anali mphunzitsi wa mpingo, koma anawachotsa chifukwa ankafunsa mafunso ambiri, ndipo ena amati chifukwa cha kachasu. Anandiphunzitsa kuboola chikopa ndi kukoka ulusi kuti usamasuke. Malemba onse anali m'mutu mwawo. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kutsokomola, nati ndikanabwera kwa iwo poyamba, chifukwa nkhani ya mafumu m'Malemba ndi nkhani ya abulu basi.

Anandiuza kuti kalekale anthu a Mulungu analibe mfumu ina koma Mulungu yekha, mpaka anachita nsanje ndi mitundu ina n'kupempha mfumu yooneka ndi maso. Mneneri wokalamba anawachenjeza kuti mfumu idzawatengera ana, minda, ngakhale abulu, koma iwo anaumirira. Ndipo munthu woyamba kudzozedwa ufumu anali mnyamata amene ankangoyendayenda m'midzi kufunafuna abulu otayika a bambo ake. Apa anandiloza ndi singano n'kunena kuti ndichenjere, anthu ofuna abulu amathera pampando. Anapitiriza kuti Mfumu yeniyeni itabwera, sinafune kufanana ndi mafumu olandawo. Inalibe kavalo, inalibe ngakhale bulu wakewake, ndiye inachita kubwereka, n'kutuma mawu kwa mwini wake kuti idzabweza msanga.

Ndinasiya nsapato imene ndinkasoka.

"Ndiye inabweza?"

A Kamphinda anayendetsa milomo ngati akuwerenga tsamba limene lili m'mutu.

"Malemba sanena, mphwanga. Akuti inalowa mumzinda, anthu anaimba, kenako sabata yomweyo inaphedwa. Za bulu sakutchulanso."

Anayesa kundiziziritsa mtima. Anati Mfumu imene inafera anthu singabe bulu, ndipo amene anandilanda ndi a Mtambalika, osati Iyo. Ndinawayankha kuti ngati munthu akuba m'dzina lako chaka ndi chaka, pakhomo ndi pakhomo, iwe uli chete pampando wako kumwamba, usadabwe anthu akabwera kudzakufunsa iweyo. Olemba analemba za masamba, za zovala zoyalidwa pansi, za nyimbo, koma panalibe mmodzi woti n'kutsatira mwini bulu kuti aone ngati anagona ndi chiweto chake m'khola. M'mawa a Kamphinda anandisokera nsapato zanga bwinobwino, podziwa kuti ndikupita.

Mudzi wotsiriza unali pamtunda wouma, wa miyala ndi minga, kumene madzi ankachokera kutali. Ndinafika mvula ili kumapeto, ndipo ndinapeza ganyu yokumba chitsime pafupi ndi tchalitchi. Mkulu wa mpingo wa kumeneko, a Dzimbiri, anandiyang'anitsitsa ndikutuluka m'dzenje. Anati munthu amene ankakhala Mfumu pa chionetsero chawo chaka chilichonse anapita ku Joni, ndipo m'mudzi monse munalibe wina wa ndevu ndi nkhope yowonda ngati yanga. Anati ntchito yake ndi yosavuta, kungokhala pabulu n'kumadalitsa anthu ndi dzanja. Ndinafuna kuwatukwana. Koma ndinakumbukira singano ya a Kamphinda ikundiloza, ndipo ndinavomera, mwina pofuna kuona mmene dziko limaonekera ukakhala pamwambapo.

Lamulungu m'mawa anandiveka mkanjo woyera ndi nsalu yofiira paphewa. Tinaima kunja kwa mudzi, pamene ulendo unkayambira, anthu atanyamula kanjedza. Kenako ndinaona amuna awiri akubwera ndi bulu. Kumbuyo kwawo kunkabwera mayi wachikulire, wopanda kanjedza m'manja, ndi mtsikana woyembekezera amene ankayenda atagwira msana. Anthu anati ndi mayi Nangondo, amasiye, amene ankadya chifukwa chotunga madzi ndi bulu ameneyo n'kumagulitsa m'makomo, ndipo mtsikanayo ndi mwana wawo.

Buluyo anali wokalamba, kumaso kutayera, pamsana pali zipsera zakale. Ankayenda ngati akupita kokayankha mlandu. Khutu lake lakumanzere linali long'ambika.

Sindinalire. Ndinamukanda kuseri kwa khutulo monga ndinkachitira kale, ndipo anatsamiritsa mutu pachifuwa panga. Kaya anandidziwa kaya amatero ndi aliyense, sindinganene. Ndinafunsa mayi Nangondo kumene anamupeza. Anati malemu amuna awo anamugula kwa munthu wogulitsa mchere, ali ndi zilonda, n'kumuchiza okha. Kenako mayiwo anafunsa a Dzimbiri, mwaulemu, kuti amubweza nthawi yanji, chifukwa mwanayu masiku ake akwana ndipo kagaleta kawo kamadalira bulu yemweyu. A Dzimbiri anati Mfumu ikatha naye ibweza msanga. Koma atatembenuka ndinawamva akunong'oneza mnzawo kuti buluyo angokhala wa pamishoni, azitunga madzi a abusa, popeza nyama yonyamula Mfumu chaka chilichonse siyenera kuyendayenda m'makomo mwa anthu.

Anandikweza. Nyimbo zinayamba, kanjedza akugwedezeka mbali zonse, azimayi akuyala zitenje pansi. Ndinaona mmene zimakomera. Aliyense akuyang'ana iwe, ndipo palibe amene angakufunse kuti chimene wakwera n'cha yani. Pansi panga panali chinthu chimene ndinachifunafuna moyo wanga wonse. Anali wanga, sindinamugulitse, sindinamupereke. Ndinadziwa kuti nditamulozetsa kumsewu waukulu n'kumapita, ndikafika naye kwathu, ndikamumanga pachikhomo chake, ndipo palibe bwalo la milandu limene lingandiweruze kuti ndalakwa.

Tinafika pamene njira imagawikana. Kutsogolo kunali tchalitchi, kudzanja lamanja msewu waukulu, kumanzere kanjira kamiyala kopita kwa mayi Nangondo. Fulumira anaima. Ndinayang'ana kumbuyo ndipo ndinaona mtsikana uja atatsalira, atatsamira mtengo, dzanja lili pamsana. Ndinamva goli pakhosi panga. Ndinakwiya kuposa tsiku la maliro, chifukwa ndinaona kuti patapita zaka zonsezi, Mfumu yandibwezera bulu wanga m'njira yoti ndisathe kumutenga.

Ndinamukhotetsera kumanzere.

Anthu anapitiriza kuimba n'kunditsata, poti Mfumu ikakhota nawenso umakhota. A Dzimbiri anathamanga n'kugwira chingwe, akunena chapansipansi kuti ndasokera, tchalitchi chili uko. Ndinawafunsa mokweza, kuti onse amve, kuti lero wavala mkanjo ndani. Ndinati ngati ndine Mfumu achotse dzanja, ngati sindine awauze anthuwa kuti asiye kuimba. Anayang'ana khamu la anthu, n'kuchotsa dzanja.

Pakhomo pa mayi Nangondo panali chikhomo, ndi kagaleta kokhala ndi zigubu. Ndinatsika. Ndinamasula chingwe cha mpingo n'kuwaponyera a Dzimbiri. Kenako ndinapisa m'kati mwa mkanjo, ndinamasula changa m'chiuno, ndipo ndinamanga nacho Fulumira pachikhomopo. Nyimbo zinali zitatha. Mayi Nangondo anafika akupuma mwabefu, n'kuima osadziwa ngati agwade kapena ayi.

"Mayi," ndinatero, "Mfumu inati ibweza msanga. Nayu bulu wanu. Chaka chamawa akadzabwera, mudzawauze kuti Mfumu inanena yokha pakhomo pano kuti iziyenda pansi."

Ndinavula mkanjo n'kuusiya pa kagaleta. Sindinamukandenso Fulumira, ndinadziwa kuti ndikatero sindichoka. Ndinadutsa pakati pa anthu atagwira kanjedza wawo, ndipo palibe anandiletsa.

Ndikuyendabe. Midzi ndi yomwe ija, ndipo anthu sandifunsanso kanthu chifukwa m'chiuno mulibe chingwe. A Kamphinda akanakhalapo akanati Mfumu inasunga mawu ake tsiku limenelo, kungoti inabwereka manja anga. Mwina n'zoona, kubwereka ndiye imakudziwa. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti pakhomo limodzi pa dziko lino bulu anabwezedwa dzuwa lisanalowe, ndipo anabweza ndine. Tsiku limene ndidzaime pamaso pa mpando weniweniwo, ena akuimba, ine ndidzadikira nyimbo ithe. Kenako ndidzafunsa Mfumu kuti pakhomo pa Nankhoma inachedwa kuti.